Mbiri ya Kuluka Zovala ndi Singano

Kuluka ndi luso lopanga chovala kuchokera ku ulusi umodzi wautali. Woluka amagwira singano ziwiri kapena zingapo n'kumakoka ulusiwo kuti upange timaso tokolekana, mzere pamwamba pa mzere, mpaka juzi, chipewa kapena sokosi itaoneka. N'kosiyana ndi kuwomba nsalu, kumene ulusi wina umaima pamene wina ukupingasa. Chovala choluka chimatamuka, chimagwira thupi ndiponso chimasunga kutentha, ndipo chikatha ntchito munthu angathe kuchimasula n'kulukanso china ndi ulusi womwewo. Masiku ano ambiri amaona kuluka ngati ntchito ya amayi yochita pakhomo, yovekera ana ndi adzukulu. Kaonedwe kameneka n'katsopano ndithu. Kwa zaka mazana ambiri kuluka kunali malonda, ndipo kumene kunali ndalama zambiri oluka ake anali amuna.

Zovala zimaola msanga, choncho zoluka zakale zimene zatsala n'zochepa, ndipo zambiri zinapezeka ku Egypt kumene mchenga wouma unaziteteza. Kumalo osungira zinthu zakale a Victoria and Albert ku London kuli masokosi ofiira ochokera ku Oxyrhynchus, opangidwa pakati pa zaka za 250 ndi 420, okhala ndi mpata pakati pa zala kuti azivalidwa ndi nkhwaira. Akatswiri atawapenda anapeza kuti sanalukidwe ndi singano ziwiri, koma ndi singano imodzi yabowo, pogwiritsa ntchito tizidutswa tatifupi ta ulusi. Njira imeneyi ndi yakale kwambiri ndipo ndi yochedwa. Kuluka kwenikweni kukuoneka koyamba m'masokosi a thonje a ku Egypt komweko, a pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi m'ma 1300, oyera ndi obiriwira ngati mtambo, ena okhala ndi zilembo za Chiarabu. Ukatswiri wake ndi waukulu moti n'zoonekeratu kuti amene anawaluka sanali ophunzira kumene.

Ku Ulaya lusoli likuoneka kuti linalowera ku Spain, kumene Asilamu analamulira madera ena kwa nthawi yaitali. M'manda a kalonga Fernando de la Cerda, amene anamwalira mu 1275 n'kuikidwa kunyumba ya masisitere ya Las Huelgas pafupi ndi Burgos, munapezeka mtsamiro wolukidwa ndi ulusi wa silika wosalala kwambiri. Pofika cha m'ma 1400 ojambula zithunzi za m'tchalitchi anali atayamba kujambula Mariya akulukira mwana wake malaya. Chithunzi chodziwika bwino ndi cha Master Bertram, cha paguwa la ku Buxtehude ku Germany, chimene chikusonyeza Mariya atagwira singano zinayi akumaliza khosi la malayawo. Chithunzichi sichinena kanthu za mmene anthu a ku Nazarete ankavalira, koma chikusonyeza kuti m'nyumba za ku Ulaya za nthawi ya wojambulayo amayi ankalukira kale ana awo.

Komabe phindu lalikulu linali m'manja mwa mabungwe a amisiri. Ku Paris bungwe la oluka linakhazikitsidwa mu 1527. M'mabungwe ena a ku Germany ndi ku Alsace mnyamata ankaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi, theka la nthawiyo akuyenda m'mizinda ina, ndipo asanatchedwe mmisiri ankayenera kuluka zinthu zingapo zoyeserera, kuphatikizapo kapeti yamaluwa. Ku England boma linaikapo lamulo mu 1571 lakuti anthu wamba a zaka zoposa zisanu ndi chimodzi azivala chipewa cha ubweya wa nkhosa cholukidwa m'dzikomo Lamlungu ndi pa masiku a zikondwerero, kuti oluka zipewa asasowe msika. Olemera ankalimbirana masokosi a silika ochokera ku Spain ndi ku Italy. Eleonora di Toledo anaikidwa m'manda ku Florence mu 1562 atavala masokosi ofiira otere, ndipo ndi amodzi mwa zoluka zakale zimene zili ndi kalukidwe kotembenuza, kamene kamathandiza kuti chovala chikhale ndi mizere ndi timabwinu tokongoletsa.

Mu 1589 William Lee wa ku Calverton, pafupi ndi Nottingham, anapanga makina olukira masokosi. Sanapeze chilolezo chimene ankafuna kwa Mfumukazi Elizabeth, ndipo pambuyo pake anasamukira ku France. Makinawo anafala pang'onopang'ono, koma kumene anafika anatsitsa mtengo wa zoluka, ndipo kuluka pamanja kunatsalira osauka a kumidzi amene analibe pena popezera ndalama. M'zigwa za ku Yorkshire, makamaka ku Dent, amuna, akazi ndi ana ankaluka masokosi ogulitsa ali panjira, akuweta ziweto kapena atasonkhana madzulo panyumba imodzi kuti asawononge nyali ndi nkhuni. Pazilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, amayi ankamanga lamba m'chiuno wozikapo singano imodzi, n'kumaluka atasenza mtolo kumsana. Amalonda ankawalipira ndi tiyi, nsalu ndi katundu wina wa m'sitolo m'malo mwa ndalama, ndipo nkhanza imeneyi inafufuzidwa ndi boma mu 1872. Amene amatama kuluka kwa makedzana ngati chisangalalo cha mabanja amaiwala kuti kwa anthu awa inali ntchito ya njala.

Kulukira achibale kunkachitika pambali pa malondawo. M'midzi ya asodzi ya m'mphepete mwa nyanja ku England ndi ku Scotland, mkazi ankalukira mwamuna wake kapena mwana wake juzi yothina bwino, ya ulusi wopota kwambiri, yoti mphepo ndi madzi zisalowe. Mikono ankailuka kuchokera paphewa kutsikira kudzanja, kuti ikatha kumapeto aimasule pang'ono n'kulukanso. Pali nthano yotchuka yakuti pazilumba za Aran ku Ireland banja lililonse linali ndi kalukidwe kake kuti msodzi akamira adziwike ndi juzi yake. Ofufuza mbiri sanapeze umboni wa zimenezi, ndipo majuzi a Aran enieniwo anayamba m'zaka za m'ma 1900. Nthanoyi inathandiza kwambiri amalonda kugulitsa majuziwo ku America.

Kuluka kunasanduka chinthu chochita pofuna kusangalala m'zaka za m'ma 1800, mafakitale atatenga gawo lalikulu la msika wa zovala wamba. Amayi a m'mabanja opeza bwino a ku Britain sankaloledwa kugwira ntchito yolipidwa, koma sankayeneranso kuoneka akungokhala, choncho singano zinawapatsa chochita chaulemu. Jane Gaugain wa ku Edinburgh, amene ankagulitsa ulusi, anasindikiza buku la malangizo a kalukidwe mu 1840 ndipo linagulidwa kwambiri. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kuphunzira kalukidwe katsopano powerenga, osadikira kuti wina amuonetse. Mu 1856 William Perkin anatulukira utoto woyamba wopangidwa ndi mankhwala, ndipo posakhalitsa ulusi wa mitundu yowala unatsika mtengo. Zolukidwazo zinali mashawelo, timasokosi ta makanda, zikwama ndi mphatso za osauka a mumpingo.

Kuluka kwa mtundu umenewu, kwa mayi wapakhomo wopemphera, ndi kumene kunafika ku Malawi. Anthu a kuno anali ndi maluso awo a manja kalekale. Ankasula nsalu za makungwa a mitengo, ndipo m'chigwa cha Shire Amang'anja ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu za machira, monga David Livingstone anaonera mu 1859. Mphasa, madengu ndi maukonde ankalukanso, kawirikawiri amuna. Koma kuluka zovala ndi singano kunabwera ndi amishoni: a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876, a Anglican pa Likoma mu 1885 ndi a Dutch Reformed amene anayambira ku Mvera mu 1889. Akazi a amishoni ndi aphunzitsi achikazi ankaphunzitsa atsikana kusoka, kuchapa, kusita ndi kuluka, pamene anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku. Mwa njira imeneyi luso limene ku Ulaya linali la amuna ndi akazi omwe linafika kuno lili kale ndi dzina loti ndi la amayi okha. Sukulu ya Jeanes itatsegulidwa ku Domasi mu 1929, akazi a aphunzitsi ndi a mafumu amene ankapita kumeneko ankaphunzitsidwa ntchito zapakhomo kuti akaphunzitse anzawo kumudzi.

Ku Ulaya ndi ku America nkhondo ziwiri zikuluzikulu zinachititsa kuti pafupifupi nyumba iliyonse ikhale ndi singano. Mu 1914 Lord Kitchener anapempha Mfumukazi Mary kuti asonkhanitse mapeyala a masokosi 300,000 a asilikali, ndipo amayi, ana asukulu ngakhale asilikali ovulala m'zipatala anagwira ntchitoyo. Pa nkhondo yachiwiri boma la Britain linayamba kugawa zovala mwa makuponi mu 1941 mpaka 1949. Mabanja ankamasula majuzi akale, kutsuka ulusiwo kuti uwongoke, n'kulukira ana zovala zatsopano, ndipo tizidutswa totsala tinkasanduka mizere ya mitundumitundu. Nkhondo itatha chizolowezicho chinakhalabe. Kampani ya DuPont inayamba kugulitsa ulusi wa akiriliki mu 1950, wotsika mtengo, wosavuta kuchapa, wosadyedwa ndi njenjete. Makampani monga Patons & Baldwins ankasindikiza timapepala ta malangizo tambirimbiri, ndipo makina ang'onoang'ono olukira a panyumba anayamba kugulitsidwa.

Ulusi wa akirilikiwu ndi umene unafalitsa kuluka ku Malawi. Nkhosa za kuno zili ndi bweya waufupi wosapoteka, choncho wulu wambiri wakhala wochokera kunja, ndipo wa nkhosa weniweni ndi ochepa okha amene akanaukwanitsa. Kuyambira m'ma 1960 mpaka m'ma 1980 mtsikana ankakumana ndi singano m'malo angapo: m'kalasi ya ntchito zamanja kusukulu ya pulaimale, m'magulu a amayi a mumpingo monga Mvano, Chigwirizano, Umanyano ndi Mothers' Union, komanso kwa alangizi a ntchito zapakhomo, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa ku Magomero. Bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, lokhazikitsidwa mu 1985, nalonso linkalimbikitsa ntchito zamanja. Kumene singano za m'sitolo zinkasowa, masipoko a njinga onoledwa kunsonga kapena timitengo tosalazidwa bwino tinkagwira ntchito, ndipo atsikana ambiri anayambira pa zoterezi.

Chosowa chinalipo. Kuzizira kwa mu June ndi July ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mzuzu, kapena chiperoni cha ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, kumafuna juzi, ndipo ya m'sitolo inali yodula. Mayi ankalukira bambo wa panyumba juzi yopanda manja yovala pamwamba pa shati popita kuntchito kapena kutchalitchi, ana n'kuwalukira majuzi a sukulu okulirapo kuti avale zaka ziwiri kapena zitatu, kenako asiyire mng'ono wawo. Ntchito yolemekezeka kwambiri inali ya khanda: shawelo, kachipewa, kajuzi ndi tinsapato, zimene mayi woyembekezera, apongozi kapena anzake a mumpingo ankakonzeratu kuti mwana adzavale potuluka m'chikuta, popita kusikelo ndi pa tsiku la ubatizo. Oluka ndi singano imodzi yangowe ankawonjezera nsalu zoyala pamipando ndi pamatebulo. Amene anapeza makina ankalandira maoda a majuzi a yunifolomu, ndipo ndalama yake inkalipirira ana fizi.

Kutsika kwa lusoli kunabwera ndi zovala zotchipa. Kumaiko a azungu, pofika m'ma 1980, juzi ya kufakitale inali yotsika mtengo kuposa ulusi woilukira, amayi ambiri anali pa ntchito zolipidwa, ndipo masitolo a ulusi anayamba kutsekedwa. Kuno nkhonya yake inali kaunjika, amene ku Zambia amati salaula, ndipo anadzaza misika m'zaka za m'ma 1990 malamulo a malonda atafewetsedwa. Munthu sakanathanso milungu akuluka juzi pamene pamsika akanasankha yakeyake pamulu ndi ndalama yosakwana kugula wulu. Ena mwa majuzi a m'mabelowo ndi olukidwa pamanja ndi agogo a ku Ulaya, ndipo oluka ochenjera amawagula dala kuti awamasule n'kupezapo ulusi wabwino.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kuluka kunadzukanso ku America ndi ku Ulaya, ulendo uno pakati pa achinyamata. Mabuku a Debbie Stoller, kuyambira mu 2003, anachititsa kuti magulu a oluka azikumana m'malo omwera khofi, ndipo tsamba la pa intaneti la Ravelry, lotsegulidwa mu 2007, linasonkhanitsa oluka mamiliyoni ogawana malangizo. Mu 2021 katswiri wa masewera odumphira m'madzi wa ku Britain, Tom Daley, anaoneka pa kanema akuluka pakati pa oonerera pa mpikisano wa Olympics ku Tokyo. Oluka a masiku ano kumeneko amadziwa kuti juzi yawo idya ndalama zambiri kuposa yogula. Amaluka chifukwa ntchitoyo imakhazika mtima pansi, ndiponso chifukwa chovala chopimidwa pa thupi la munthu mmodzi ndi mphatso imene sitolo singagulitse.

Ku Malawi kuluka kwatsalira kwambiri pa zovala za makanda, zipewa, masikafu ndi majuzi a sukulu, ndipo atsikana ena a m'tauni akuphunzira kalukidwe ka singano yangowe pa YouTube n'kumatsatsa malonda awo pa WhatsApp ndi Facebook. M'zipatala nazonso zoluka zili ndi ntchito. Lipoti la mabungwe a zaumoyo a padziko lonse la mu 2012 linasonyeza kuti pa ana 100 alionse obadwa ku Malawi, pafupifupi 18 ankabadwa masiku asanakwane. Ana oterewa amataya kutentha msanga, makamaka kumutu, ndipo pa chisamaliro cha kangaroo, pamene mayi amamangirira khanda pachifuwa khungu kukhudza khungu, anamwino amalangiza kuti mwanayo avale kachipewa ndi timasokosi. Zovala za msinkhu waung'ono chotero sizipezeka kawirikawiri pa kaunjika, choncho zambiri zimene makandawa amavala zimalukidwa pamanja ndi achibale, magulu a amayi a m'mipingo ndi anthu ongodzipereka a m'dziko muno ndi akunja.