Nchito za nyengo yozizira m'misasa ya alendo ku Mfuwe

Caka ciriconse mvula ikatha, anthu ambiri a ku Chipata ndi a m'midzi ya boma la Mambwe amatsetserekera ku cigwa ca Luangwa kukafuna nchito m'maloji ndi m'misasa ya alendo ku Mfuwe, mtunda wa makilomita opitirira 100 kucokera ku Chipata. Ku Ulaya acinyamata amakwera mapiri a Alps nyengo yozizira kukatumikira anthu osewera pa cipale cofewa. Kuno nyengo yozizira ndi imene imabweretsa alendo odzaona nyama mu paki ya South Luangwa, ndipo nchito zambiri zimabwera nawo ndi kupita nawo.

Malowa, amene kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050, anakhala paki m'caka ca 1972. Koma nchito yolandira alendo inayamba kale, m'caka ca 1950, pamene Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kutsegula msasa m'dziko la mfumuyo. Ndi Carr yemweyo amene anachukitsa maulendo oona nyama poyenda pansi, omwe cigwaci cimadziwika nawo mpaka lero.

Maloji akuluakulu a pafupi ndi cipata ca paki amagwira nchito pafupifupi caka conse. Misasa ya m'thengo imatsegulidwa mu Meyi kapena Juni ndi kutsekedwa kumapeto kwa Okutobala kapena kuciyambi kwa Novembala, cifukwa mvula ikagwa mitsinje imasefukira ndipo dothi lakuda la m'cigwa limamiza galimoto. Misasa ina ndi ya udzu, bango ndi mitengo, ndipo imamangidwanso caka ndi caka. Conco oyamba kulembedwa ndi omanga, ofolera ndi okonza miseu, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi. Munthu wofika mu Julayi ndi kalata yofunsira nchito amapeza malo atadzaza kale.

Zinchito zake ndi zosiyanasiyana: kuphika, kuperekera zakudya, kucapa ndi kusita, kuyala m'zipinda, ulonda, umakaniko, ndi kuunika ndi nyali pa maulendo a usiku. Wotsogolera alendo, amene ambiri amangoti gaidi, amayenera kupambana mayeso, ndipo mayeso otsogolera anthu oyenda pansi ndi ovuta kuposa a pa galimoto. Pa ulendo wapansi pamakhalanso sikauti wonyamula mfuti, wa pansi pa nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zam'thengo, imene inalowa m'malo mwa ZAWA m'caka ca 2016. Magaidi ena odziwika bwino anayamba ndi kunyamula tiyi kumbuyo kwa mzere wa alendo, akumvetsera maina a mbalame ndi mitengo. Cizungu comveka bwino cimathandiza pa nchito iriyonse yoonana ndi alendo.

Nkhani yofunika kuikonza munthu asanatule katundu wake pa msasa ndi ya pangano. Lamulo la zanchito la 2019, Employment Code Act, limati pangano la miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo liyenera kulembedwa. Ngakhale pangano lapakamwa, wolemba nchito ayenera kusunga cikalata cake ndi kupereka cina kwa wanchito. Apa mpofunika kucenjera, popeza nyengo ya msasa imatha kukhala miyezi isanu yokha, ndipo ena amaganiza kuti pa nthawi yaifupi coteroyo pepala nlosafunika. Wanchito afunse tsiku loyamba ndi lotsiriza, malipiro a pamwezi, masiku opuma, malipiro a maola oonjezera, ndiponso ngati pali ndalama imene adzalandira nyengo ikatha. Afunsenso ngati cakudya, malo ogona ndi yunifomu ndi zaulere kapena zimadulidwa ku malipiro. Mkangano ukabuka, ofesi ya Leba imayamba ndi kufunsa mapepala.

Kapepala ka malipiro kayenera kuonetsa zopereka za NAPSA, zomwe ndi 5 peresenti kucokera kwa wanchito ndi 5 peresenti kucokera kwa womulemba, komanso za NHIMA, 1 peresenti mbali iriyonse. Kungoona kuti ndalama yadulidwa sikokwanira. Ndi bwino kukatsimikiza ku NAPSA kuti yafikadi pa nambala ya mwiniwake. Palinso ndalama ya service charge, 10 peresenti imene mlendo amalipira pamwamba pa bilu, yomwe lamulo la zokopa alendo la 2015 limati igawidwe kwa anchito. Imeneyi ndi yosiyana ndi matipu amene alendo amasiya mwa kufuna kwao. Misasa yambiri iri ndi bokosi limodzi la matipu a onse, ndipo kubisa tipu m'thumba kapena kupempha mlendo ndalama ndi njira yofulumira yothera nchito.

Moyo wa pa msasa si wa chuthi. Anchito amadzuka kusanace kuti alendo apeze moto ndi madzi otentha asananyamuke m'bandakuca, ndipo operekera zakudya amagona alendo atagona. Mu Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri m'mamawa, kotero juzi, cipewa ndi bulangeti sizofunika kusiya ku nyumba. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Malungo alipo ngakhale m'cilimwe, conco neti ndi yofunika, ndipo m'madera ena muli kashembe. Wodwala matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku atenge okwanira, cifukwa misasa ina iri kutali ndi cipatala ndipo foni sigwira paliponse.

Misasa yambiri iribe mpanda. Njovu, mvuu, ngakhale mikango imadutsa pakati pa nyumba usiku, ndipo mumtsinje wa Luangwa muli ng'ona zambiri. Wobwera kumene kucokera m'tauni amvere anzake a ku Malambo amene anakulira pakati pa nyamazi. Kuyenda usiku wopanda toci, kusamba kumtsinje, kapena kusunga zipatso m'cipinda cogona ndi kudziputira tsoka. Kupezeka ndi nyama ya m'thengo kapena waya wa misampha ndi mlandu wa kukhoti, osati wa kwa manejala cabe.

Vuto lalikulu limaoneka msasa ukatsekedwa. Ndalama ya miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi imayenera kusunga banja mpaka nyengo ina, ndipo caka ca 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaletsa maulendo a ndege, cinaonetsa kuti nyengo yathunthu ikhoza kulephereka. Ubwino wake ngwakuti malipiro otsiriza amafika nthawi yogula mbeu ndi feteleza. Anchito ozolowera amatumiza ndalama ku nyumba mwezi ndi mwezi, amasiya munda uli m'manja mwa abale kuti usosedwe mvula isanagwe, ndipo amapewa kaloba, amene amadya malipiro a mwezi wamawa usanafike.

Eni misasa amakonda kuitananso anthu amene anagwira nawo bwino nchito m'malo mophunzitsa atsopano. Cotero wanchito asanakwere galimoto yobwerera ku Chipata, apemphe kalata ya umboni wa nchito yake, asiye nambala ya foni imene sidzasintha, ndipo afunse mwezi umene omanga msasa adzayambe kuitanidwa caka camawa.