Kulowa M'nyumba ya Mmisiri Popanda Kuodira

Makolo athu, amene anali kudziwa ulemu wa pakhomo, sanali kulowa m'nyumba ya munthu asanaodire, ndipo ngakhale mwini nyumba atayankha, mlendo anali kuima pakhonde kufikira atamuyalira mphasa. Koma masiku ano mnyamata wa ku Ntcheu, atagula bandulo yake ndi kukhala pansi pa mtengo wa mango foni ili m'manja, angathe kulowa m'chipinda chogona cha Frida Kahlo, mayi wojambula wa ku Mexico amene anatsikira kuli chete mu 1954, nayang'ana kama wake ndi kalilole wa pamwamba pake, popanda womufunsa kumene wachokera. Ulendo wotere Angerezi autcha virtual tour. Ndipo popeza mlendo wosamva chinenero cha eni mudzi amangovomera zonse ndi mutu, ndaona kuti n'koyenera tiyambe tamvetsa mawu a ntchito imeneyi tisanazizwe nayo.

Liwu lakuti virtual linachokera ku liwu la Chilatini lonena za mphamvu, ndiye kuti chinthu chokhala ndi mphamvu ya chinzake koma chopanda thupi lake. Ife tikadati ulendo wa m'chithunzithunzi. Pano Chichewa chathu chili ndi msampha, pakuti wogwira burashi ndi utoto timutcha wojambula, wogwira kamera timutchanso wojambula, ngakhale wotola mawu a oimba. Tsono m'maulendo amenewa ojambula awiri akumana m'chipinda chimodzi, wakufa amene tadza kudzamuona ndi wamoyo amene watibwereka maso ake, ndipo wosachenjera adzayesa ntchito ya wachiwiriyo kuti ndi ya woyamba.

Chipinda chimene mmisiri agwiriramo ntchito chili ndi maina awiri. Situdiyo, imene ife tinaidziwira ku nyumba youlutsira mawu, ndi liwu la Chitaliyana lochokera ku khama la kuphunzira. Atelier ndi la Chifalansa, ndipo muzu wake ndi tizibanthu togwa pamene munthu akusema mtengo. Ine ndikonda lachiwirili, chifukwa linena zoona zimene aliyense wokulira pafupi ndi chipala azidziwa, kuti wosula timuzindikira ndi makala ndi phulusa, wosema mitondo ndi zibanthu za pabwalo pake. Zithunzi zomalizidwa zinagulidwa kale, zili m'nyumba zazikulu zosungiramo zaluso ku Paris, London ndi New York; chimene titsata kunyumba ya mmisiri ndi zinyalala za ntchito yake.

Palibe amene analemekeza zinyalala zotere koposa anthu a ku Dublin. Francis Bacon, wobadwira mumzindawo mu 1909, anajambula zaka zoposa 30 m'kachipinda kopanikiza ku 7 Reece Mews mu London, mmene pansi ponse panali mulu wa mabuku ong'ambika, zithunzi zopondedwa, zitini za maburashi ouma ndi zinsalu zimene iye mwini anazicheka ndi mpeni atanyansidwa nazo, ndipo chitseko ndi makoma anali kupukutirapo burashi poyesa mitundu ya utoto. Atamwalira mu 1992, chipindacho chinaperekedwa ku Hugh Lane Gallery, nyumba yosungiramo zaluso ya ku Dublin, ndipo mu 1998 osunga nyumbayo anaitana akatswiri ofukula zakale, amene analemba malo a kanthu kalikonse monga achitira pofukula bwinja la anthu akale, nanyamula zinthu zoposa 7,000, pamodzi ndi chitseko, makoma, denga, inde ngakhale fumbi lomwe, naziolotsa nyanja, nazibwezera chilichonse pamalo pake. Anatsegulira anthu mu 2001. Tsono ndifunse: kodi chipinda chimenecho n'cha ku London kapena cha ku Dublin? Kanthu kalikonse m'menemo n'kenikeni, koma msewu umene mwini wake anali kuumva pazenera unatsala kutsidya.

Apa ndi pamene pagona mawu atatu amene osunga nyumbazi sawasakaniza, chinkana ife alendo tiwamva ngati amodzi: chosungidwa, chokonzedwanso ndi chomangidwanso. Chosungidwa ndi chimene chakhala pamalo pake chichokere mwini wake, monga Casa Azul, nyumba ya mayi Kahlo ku Coyoacán, mmene chikuku chawo chiima patsogolo pa mtengo woimikapo chinsalu ngati angotuluka pang'ono. Komabe ngakhale m'menemo dzanja lina linapita, pakuti mlakatuli Carlos Pellicer ndiye anayala zinthuzo pokonzekera kutsegulira anthu mu 1958. Chokonzedwanso ndi chimene chinaonongeka nachiritsidwa, monga nyumba ndi munda wa wojambula Claude Monet ku Giverny, kumene anakhala kuyambira 1883 kufikira imfa yake mu 1926. Zinagwa m'tchire, zinakonzedwa, nazitsegula mu 1980, ndipo zithunzi zake zopachikidwa m'chipinda chochezera ndi zokopera chabe.

Chomangidwanso ndiye chodabwitsa koposa, ndipo chitsanzo chake chili ku Amsterdam. Wojambula Rembrandt anagula nyumba yaikulu mu 1639, koma ngongole zinamukwera kufikira mu 1656, pamene alembi a mzinda analowa nalemba katundu wake chipinda ndi chipinda kuti agulitsidwe. Ndipo taonani, kalata ya manyazi ake ija ndiyo inakhala mboni patapita zaka zoposa 300, pakuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 osunga nyumbayo anaitsata mzere ndi mzere, nafunafuna mipando, makama ndi ziboliboli za nthawi yake zofanana ndi zolembedwazo. Wolowamo lero aona nyumba ya Rembrandt, koma mpando umene auyang'ana si umene Rembrandt anakhalapo. Kamera sinena zimenezi: chosungidwa, chokonzedwanso ndi chomangidwanso imaziwalitsa mofanana.

Nayonso kamerayo ili ndi mawu ake. Panorama, chithunzi chozinga munthu mbali zonse, si liwu la dzulo ayi: linabadwa ndi luso la wojambula ndi burashi, Robert Barker, amene analembetsa luso lakelo mu 1787, namanga nyumba yozungulira ku Leicester Square mu 1793 kuti anthu aime pakati chithunzi chiwazinge. Lero kamera iimikidwa pa miyendo itatu ngati mphika pa mafuwa, nitola zithunzi zingapo mbali ndi mbali, ndipo kompyuta izisoka pamodzi. Kusoka ndilo liwu lenileni limene eni ntchito agwiritsa, ndipo monga kuona maso a nkhono n'kudekha, wodekha adzaupeza msoko pamene mwendo wa tebulo waoneka wothyoka usanathyoke. Pansi penipeni, pamene panaima miyendo ya kamera, atchapo nadir, ndipo kawirikawiri amatapo chigamba kapena chizindikiro cha kampani. Timadontho togunda ndi chala kuti titsegule mawu ofotokozera ndi ma hotspot. Kampani ya Matterport inazoloweretsa anthu kuona nyumba yonse ali pamwamba, ngati yosasulidwa denga, kaonedwe kamene mwini nyumba sanakaonepo m'moyo wake wonse; ndipo Google, poyamba ntchito yake ya zaluso mu 2011 ndi nyumba zosungiramo zaluso 17, inabweretsa zithunzi za gigapixel, za timadontho toposa 1,000,000,000, mmene munthu aona mkwasa wa tsitsi limodzi la burashi.

Chimene ndidandaula nacho ndi kuwala. Amisiri a ku Ulaya anali kufuna zenera loyang'ana kumpoto, popeza kwawo dzuwa lipendekera kumwera, kotero kuti kuwala kwa kumpoto n'kofatsa, kosasinthasintha mitundu. Ndicho chifukwa chake Paul Cézanne, pomanga situdiyo yake ku Les Lauves mu Aix-en-Provence mu 1902, anaika chizenera chachikulu mbali imeneyo. Kwathu kuno, kumene dzuwa lipendekera kumpoto miyezi yambiri ya chaka, mmisiri akadafuna zenera la kumwera. Koma kamera itola ola limodzi la tsiku limodzi, nichepetsa kuwala kwa pazenera, niwalitsa mdima wa m'ngodya, kuti zonse zioneke bwino. Ndipo chimene mmisiri anamangira chipindacho ndicho chiyamba kutayika.

Sinditi musapite, pitani ndithu, pakuti ambiri a ife sitidzaponda ku Coyoacán kapena ku Amsterdam. Koma mukalowa, owerenga anga, musanazungulitse chala, yambani mwagunda kadontho ka mawu ofotokozera, muone ngati mpando uli patsogolo panuwo ndi wa mwini nyumba kapena wobwereka.