Eni Filimu Awiri: Mbiri ya Makanema a Mfuti ndi Nthabwala mu Lilongwe

Aliyense amene anakulira mu Lilongwe muno, nakhalapo pa benchi la m'nyumba yoonetsera vidiyo, amalidziwa lamulo lija lakuti mwini filimu safa. Angamenyedwe, angamangidwe ndi unyolo, angaponyedwe m'nyanja, koma pomaliza amadzuka ndithu. Sabata ino ndati tikumbutsane mbiri ya mtundu wina wa makanema umene unabwera ndi eni filimu awiri: amuna osiyana khalidwe, kawirikawiri apolisi, amene amakangana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, uku akuwomberana ndi zigawenga, uku akutiseketsa, ndipo pakatikati mmodzi wa iwo amapeza mkazi womukonda.

Ludzu limene tinalandira nalo makanemawa lili ndi chiyambi chake. M'nthawi yonse ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda dziko lino linalibe wailesi yakeyake ya kanema. TVM inadzayamba kuulutsa mu 1999. Kuyambira mu 1968 panali lamulo limene linakhazikitsa bungwe la Censorship Board, lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu asanafike kwa anthu. Makolo athu amasimba kuti mwamuna ndi mkazi akangoyamba kupsompsonana pa kanema, lumo la bungweli linkadula pomwepo.

Makina a vidiyo atafika, anayambira kwa anthu opeza bwino, m'nyumba za mipanda za ku Area 3, Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene kunkakhala akazembe ndi akuluakulu a boma amene ankayenda kunja nabwera ndi matepi m'zikwama. Ufulu utakula pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, matepiwo anatsikira kwa ife enafe. Nyumba zoonetsera vidiyo zinabuka ku Old Town ndi m'makwalala a ku Kawale, Biwi ndi Mchesi: kachipinda kamdima, mabenchi, chinsalu pakhomo, ndi sipika yaikulu panja yoitanira anthu ndi phokoso la mfuti. M'zaka za m'ma 2000 matepi analowedwa m'malo ndi ma DVD ogulitsidwa pafupi ndi msika ndi depoti ya mabasi, mafilimu angapo pa chimbale chimodzi, ndipo kenaka anyamata ena anayamba kuikamo mawu a Chichewa. Mwana wa ku Area 10 woonera pa dishi ndi mwana wa ku Mchesi wolipira tindalama take pakhomo, amene mwina sakanakumana konse, ankadziwa eni filimu omwewo.

Makanemawa kwawo ndi ku America. Ambiri amaloza filimu ya 48 Hrs. ya mu 1982, ya Nick Nolte ndi Eddie Murphy, kuti ndiyo inalambula njira. Kenaka kunabwera Lethal Weapon mu 1987, Bad Boys ya Will Smith ndi Martin Lawrence mu 1995, ndi Rush Hour ya Jackie Chan ndi Chris Tucker mu 1998. Koma ine ndiima pa imodzi, Lethal Weapon 2 ya mu 1989, chifukwa imakhudza mzinda wathu m'njira imene sitinkaidziwa pamene tinkaionera.

M'filimuyi muli apolisi awiri a ku Los Angeles. Roger Murtaugh, amene ndi Danny Glover, ndi munthu wakuda, bambo wa banja, wofatsa, wongofuna kufika pa penshoni ali wamoyo. Martin Riggs, amene ndi Mel Gibson, ndi mzungu, mkazi wake anamwalira, ndipo saopa imfa chifukwa alibe chomukhalitsa ndi moyo. Adani awo ndi akazembe a boma la tsankho la South Africa, amene akuchita malonda ozembetsa akubisala kumbuyo kwa chitetezo chimene malamulo amapereka kwa akazembe. Ife tinkawomba m'manja pamene akazembewo ankagonja. Palibe anatiuza kuti dziko lathu linakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma lomwelo mu 1967, pamene mayiko ena olamulidwa ndi anthu akuda ankalikana. Kuti nduna yaikulu John Vorster anabwera kuno mu 1970, ndipo Kamuzu anakacheza kumeneko mu 1971. Kuti gawo loyamba la ntchito yomanga likulu latsopano, limene linasamukira kuno kuchokera ku Zomba mu 1975, linayendetsedwa ndi ngongole ya ku South Africa. Mukadutsa ku City Centre ndi kuyang'ana ku Capital Hill, mukuona zimene ndalamazo zinathandiza kumanga. Tinkaseka adani a m'filimu tili m'mzinda umene boma lawo linatikongoza ndalama zoumangira.

Komabe sindikhulupirira kuti ndale, kapenanso mfuti, ndizo zinkatibwezera pa mabenchi aja. Mafilimu a mfuti analipo ochuluka, ndipo ambiri tinawaiwala. Chimene chinatigwira mtima ndi ubwenzi. Muli malo ena m'filimu yomweyi pamene Murtaugh wakhala pa chimbudzi cha m'nyumba mwake usiku wonse, osadzuka, chifukwa adani atcherapo bomba limene liphulika akangonyamuka. Akatswiri a mabomba atachita mbali yawo, onse akutuluka, koma Riggs akukana kuchoka. Akutsala naye, namukokera m'bafa bombalo likuphulika. Tinaseka mpaka misozi, chifukwa munthu wamkulu ali pamalo ochititsa manyazi; koma titatuluka, nkhani inali yakuti mnzake sanamusiye.

Ubwenzi woterewu suli wachilendo kwa ife. Timadziwa chisuweni, pamene asuweni amanyozana, kulandana zinthu ndi kutchulana mayina amene munthu wina atawatchula pangakhale mlandu, koma pa maliro ndi pa matenda ndiwo amayamba kufika. Eni filimu awiriwa ali ngati asuweni: kukangana kwawo ndi chilankhulo cha chikondi chimene amuna amachita nacho manyazi kuchinena poyera. Ndipo ndimaona kuti chimene chimachiritsa Riggs si kubwezera ayi. Filimu yoyamba ija ya 1987 imatha iye atalandiridwa ku chakudya cha Khrisimasi kunyumba kwa Murtaugh. Munthu amene ankafuna kudzipha wapeza mpando pa tebulo la banja la mnzake. Pamenepo ngakhale katekisiti alibe chotsutsa.

Chotsutsa ndili nacho pena. Nthabwala za m'makanemawa zimapeputsa imfa. Munthu amawomberedwa, mwini filimu naponya mawu oseketsa, ife n'kuseka, ndipo sipaoneka mayi wolira kapena bokosi. Ife amene timadziwa kulemera kwa siwa, amene timagona panja masiku awiri chifukwa cha munthu mmodzi, tinaphunzira kuwerenga mitembo makumi awiri tikutafuna chimanga chokazinga. Sindikunena kuti aliyense woonera amasanduka chigawenga. Anzanga amene ndinkakhala nawo pa benchi lero ndi aphunzitsi, amakaniko ndi oyimba kwaya. Koma ndikamva kuti anthu atentha wakuba pamsika, ena akujambula pa foni ndi kuseka, ndimadzifunsa kuti kuseka kumeneko tinakuphunzira kuti.

Nanga mkazi uja? Riggs akondana ndi mlembi wa ku ofesi ya akazembewo, mtsikana amene sagwirizana ndi zochita za mabwana ake. Chikondi chawo ndi cha mphindi zochepa chabe. Pa benchi paja, malo amenewa akafika, anyamata ankaimba mluzu, ena ankakuwa kuti tepi ithamangitsidwe. Posakhalitsa adani aja akumumiza mtsikanayo m'nyanja, Riggs akuupeza mtembo wake pansi pa madzi, ndipo ife tinakhazikika bwino pa mabenchi, podziwa kuti tsopano nkhondo yeniyeni yayamba. Lumo la 1968 linkadula kupsompsona. Olemba filimu anadula mkaziyo, kuti mwini filimu akhale ndi chifukwa chokwiyira.

Mwezi wathawu ndinaioneranso filimuyi pa kompyuta. Mawu a Murtaugh ndi a Riggs ndinkawatsogolera, monga ndinkachitira ndili mwana. Dzina la mtsikanayo ndinachita kudikira kuti wina alitchule. Ndi Rika van den Haas.