Mfunda Umodzi, Mbiri Zinayi

Kuno kwa Mwase Lundazi, munthu akaitana pamsonkhano kuti "a Banda", amatembenuka ndi anthu ambiri. Mfunda umenewu ndi wakale pakati pa Acewa, monganso wa a Phiri. Lero tikumbukire a Banda anayi odziwika m'maiko athu awiri.

Oyamba ndi a Hastings Kamuzu Banda a ku Kasungu, anansi athu a kutsidya kwa malire. Anabwerera ku Nyasaland mu 1958, natsogolera dzikolo ku ufulu mu 1964. Anamanga misewu ndi masukulu, monga Kamuzu Academy ku Mtunthama. Koma mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo ambiri owatsutsa anatsekeredwa osaweruzidwa.

Mmodzi wa otsekeredwawo anali a Aleke Banda, obadwira ku Livingstone mu 1939. Anatumikira a Kamuzu kuyambira unyamata wao mpaka kukhala nduna. Mu 1980 anaponyedwa m'ndende, natuluka mu 1992. Womanga ndi womangidwa, onse anali a Banda. Mfunda sunatsegule citseko ca ndende.

Acitatu ndi a Rupiah Bwezani Banda, obadwira ku Gwanda mu 1937. Analamulira Zambia kuyambira 2008, atamwalira a Levy Mwanawasa. Mu Seputembala 2011 anagonja pacisankho kwa a Michael Sata. Ambiri tinawamva pa wailesi akuvomera kugonjako ndi misozi, ndipo dziko linakhala pamtendere. Anamwalira mu Malichi 2022.

Acinayi ndi mai Joyce Banda, mkazi woyamba kulamulira Malawi, kuyambira 2012 mpaka 2014. Iwo anabadwa a Mtila. Dzina la Banda analitengera ku ukwati.

Taonani tsono, abale. Wina anabadwa nalo dzinali, wina anakwatiwa nalo. Wina anamanga mnzake, wina anamangidwa. Mbiri siinafunse mfunda wao, inafunsa zimene anacita ndi mphamvu zimene anapatsidwa. Ngakhale a Kamuzu timawayeza ndi muyeso womwewo: mu 1994 anavomera kugonja kwa a Bakili Muluzi, ndipo mu 1996 anapepesa kwa amene anazunzika mu ulamuliro wao.

Yohane Mbatizi anadzudzula iwo amene anadalira kuti ndi mbumba ya Abrahamu, nawauza kuti Mulungu afuna zipatso za kulapa (Mateyu 3:8-9). Mau amenewa atikhudza ifenso. Pa mlandu wa munda, kangati tinaikira kumbuyo wolakwa cifukwa ndi wa mfunda wathu, mai wamasiye nalandidwa malo? Posankha msungi wa cuma ca mpingo, kodi timayang'ana kukhulupirika kapena cibale? Ana athu amaona zonsezi, ndipo adzacita monga anaonera.

Mfunda ndi mphatso; umatiuza kumene tinacokera ndi amene adzatiika m'manda. Tiulemekeze. Koma pa ubatizo tinalandira dzina lina, lochedwa Akristu, ndipo limeneli timalisunga kapena kulinyozetsa ndi nchito zathu za tsiku ndi tsiku.

Tipemphere. Ambuye Mulungu, mudziwa yense wa ife ndi dzina lake. Tithandizeni kuweruza moona ngakhale wolakwa ali mbale wathu, ndi kutula pansi udindo nthawi yake ikakwana. Tipempha mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.