Makorali Atayamba Kumera M'nyumba

Kwa zaka zambiri makorali olimba, tizilombo ta m'nyanja yamchere timene timadzimangira mafupa amwala, ankangofa akaikidwa m'mathanki agalasi, nasiya zigoba zoyera mbee ngati mafupa a m'chigwa cha Ezekieli. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakuti anthu a ku Berlin, atamvera Peter Wilkens amene m'zaka za m'ma 1970 anaphunzitsa kuthira madzi a laimu, nawonjezapo nyali zowala zedi, popeza ndere zokhala m'thupi la korali zimadalira kuunika, anaona chozizwitsa m'thanki ya mnzawo Dietrich Stüber: Acropora, mtundu wina wa makorali olimba, inaphuka pamwala wotoledwa kunyanja, nichita nthambi. Tinthambi take, tothyoledwa mosamala ndi kugawana paubwenzi, tinaoloka nyanja kukafika ku America, ndipo tikumerabe lero lino.