Chisamaliro cha odwala mtima pa nthawi ya mliri

Mliri ukabuka, zipatala zimasintha kagwiridwe ka ntchito, koma matenda a mtima sadikira kuti mliri uthe. Izi zinaoneka pa nthawi ya COVID-19, imene inapezeka koyamba m'dziko la Mozambique pa 22 Malichi 2020, ku Maputo.

Mu Meyi chaka chomwecho, bungwe la WHO linafufuza m'maiko 155 ndipo linapeza kuti m'maiko oposa theka chithandizo cha matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri amati tensão, chinasokonekera. Anamwino ambiri anawasamutsira kumawodi a mliri, mayendedwe anavuta, ndipo odwala ena ankaopa kupita kuchipatala. Komatu odwala mtima ndi amene COVID-19 inkawafooketsa msanga.

Pofuna kuwateteza, zipatala m'maiko ambiri zinachepetsa maulendo a odwala. Amene anali bwino ankalandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, ena ankalankhula ndi dokotala pa foni, ndipo maopaleshoni amene akanatha kudikira anaimitsidwa kaye.

Chimene sichinasinthe ndi kumwa mankhwala. Mphekesera zitamveka zoti enalapril ndi captopril amakulitsa COVID-19, mabungwe a madokotala a mtima analangiza odwala kuti asaleke kumwa. Ana ndi achinyamata amene mtima wawo unawonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachiritsidwa ankayenerabe kulandira jakisoni wa penisilini pakatha milungu itatu kapena inayi iliyonse.

Phunziroli likukhudzanso kolera, imene imavuta m'chigawo cha Tete nthawi ya mvula. Munthu amene amamwa furosemide, mankhwala ochotsa madzi m'thupi, amatha madzi msanga akayamba kutsegula m'mimba. Ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo atanyamula mankhwala ake ndi khadi lake, kuti azaumoyo aone mlingo woyenera.

Kwa alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumene misewu imavuta mvula ikachuluka, ndi bwino kukatenga mankhwala ena asanathe amene ali kunyumba. Ngakhale mliri utavuta chotani, munthu amene akumva kupweteka pachifuwa, kubanika akagona, kutupa miyendo mwadzidzidzi kapena kufooka mbali imodzi ya thupi sayenera kusungidwa pakhomo.