Ng'anjo ndi Cipala m'Dziko la Kapondo

Makasu a m'sitolo asanafike, Acewa a kwa Kapondo, m'boma la Mchinji, anali kulima ndi citsulo ca m'nthaka yao yomwe. Mu 1866 David Livingstone anadutsa ku magwero a mtsinje wa Bua, napeza midzi ya osula ndi ng'anjo zao zirikuyaka, ngakhale kuti Angoni anali atayamba kale kusautsa dzikolo.

Nchito inali pawiri. Ng'anjo anali kuiumba ndi dothi kuthengo, kutali ndi mudzi, nathiramo miyala ya citsulo ndi makala mosanjikiza. Mpweya unali kulowa pa mipope ya dothi kunsi kwace. Citsulo cikaturuka anapita naco ku cipala, kumene mnyamata anali kupukusa mvukuto wa cikopa ca mbuzi, mmisiri nasula makasu, nkhwangwa, mipeni ndi mibvi.

Mwambo waukuru unali pang'anjo. Akuluakulu anati ng'anjo iri ngati mkazi wapakati, ndipo citsulo ndiye mwana wace. Cifukwa ca ici amuna osungunula sanali kugona ndi akazi ao kufikira nchito itatha, ndipo akazi a msinkhu wobala sanaloledwe kuyandikira. Mmisiri anali kuikanso mankhwala pang'anjopo. Citsulo cikakana kuturuka, sanayambe ndi kufunsa za makala kapena miyala. Anayamba kufunsa munthu amene anaswa mwambo. Lamuloli linasunganso cinsinsi ca nchito m'manja mwa mabanja owerengeka, pakuti khasu linali cuma: analipira nalo mirandu, nagula nalo mcere ndi nsaru.

Angoni a Mpezeni atagonja kwa Angerezi mu 1898, masitolo anafika ndi makasu ocipa, ndipo ng'anjo zinazima pang'onopang'ono. Zina ziri ciimire m'nkhalango ya Kasungu. Koma cipala sicinafe: osula anatembenukira ku zitsulo za magalimoto akutha.

Mphunzitsi wopita ku sukulu ya kumudzi asayese kuti mbiri iri m'mabuku mokha. Atenge ana ace kukaona wosula, alembe maina a zipangizo monga momwe mwini awachulira, afunsenso nkhalamba malo a ng'anjo zakale. Mwana amene wagwira ndi dzanja lace zotsalira za ng'anjo sadzabvomera kuti makolo ace analibe nzeru.